Magemu anabwera m'chikwama cha ku Joni, luso lowapanga linatsalira komweko

Pamisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi m'sukulu za kummwera kwa boma la Mzimba pali dandaulo limodzi losasowa, ndilo la magemu. Kholo lina limati mwana wake akumathawa m'kalasi n'kukabindikira m'kanyumba ka PlayStation pamsika, lina limati foni yomwe bambo anatumiza kuchokera ku Joni sichokanso m'manja mwa mnyamata, lina limati ndalama ya kuchigayo inathera komweko. Madandaulowa ndi oona. Ine ndimaphunzitsa masamu pasukulu ina ya sekondale yoyendera chakuno, ndipo zotsatira zake ndimaziona m'makope a ana. Koma anthu akamati mankhwala ake ndi chikwapu ndi kulanda mafoni, ine ndimakayika. Mbiri ikuonetsa kuti m'maiko ena magemu omwewa ndi amene anakokera ana ku luso la makompyuta. Nanga bwanji kuno sizinatero, ndipo lero tingatani?

Kumene zinayambira

Magemu ndi akale kuposa ambiri a ife. M'chaka cha 1958, katswiri wa sayansi William Higinbotham wa ku Brookhaven National Laboratory, m'dziko la America, ankafuna chosangalatsa alendo obwera kudzaona ntchito zawo. Analumikiza makina ake kuti kadontho kowala kazidumpha uku ndi uku ngati mpira wa tenesi, anthu awiri akukamenya podina mabatani. M'chaka cha 1962, Steve Russell ndi anzake pa sukulu ya ukachenjede ya MIT anapanga Spacewar!, gemu ya zombo ziwiri zothamangitsana m'mlengalenga. Kompyuta yomwe anagwiritsa ntchito, PDP-1, inkagulidwa madola 120,000, choncho oisewera anali okhawo okhala pafupi ndi makina otere.

Zinthu zinatembenuka m'chaka cha 1972. Kampani ya Magnavox inayamba kugulitsa kabokosi kotchedwa Odyssey, komwe anakonza Ralph Baer, kolumikiza ku wailesi yakanema ya m'nyumba. Chaka chomwecho kampani yatsopano ya Atari inaika makina a gemu ya Pong m'bala ina ku Sunnyvale, m'chigawo cha California, oti munthu aponyemo kobiri kuti asewere. Patangopita masiku ochepa mwini bala anadandaula kuti makinawo awonongeka. Allan Alcorn, yemwe anawapanga, atawatsegula anapeza kuti chotengera makobiri chadzaza mpaka kutsekeka. Amalonda anaona pomwepo kuti pali ndalama. Ku Japan kunatuluka Space Invaders mu 1978 ndi Pac-Man mu 1980, ndipo nyumba zosewerera magemu zinafalikira m'mizinda, monga momwe tinyumba ta PlayStation tafalikirira pa Jenda ndi pa boma la Mzimba masiku ano.

Kompyuta ilowa m'nyumba

Gawo lomwe limandikhudza kwambiri monga mphunzitsi ndi lotsatirali. M'chaka cha 1977 ku America kunatuluka makompyuta atatu oti banja lingagule: Apple II, Commodore PET ndi TRS-80. Ku Britain, Clive Sinclair anatsitsa mtengo kwambiri. ZX80 yake ya mu 1980 inkagulidwa ndalama zosafika mapaundi 100, ndipo ZX Spectrum ya mu 1982 inali pa mapaundi 125 yaing'ono, 175 yaikulu. Chaka chomwecho kunabweranso Commodore 64.

Makina ngati Spectrum ankatsika mtengo chifukwa ankabwereka zinthu zomwe zinali kale m'nyumba. Analibe sikirini yawoyawo, munkawalumikiza ku wailesi yakanema. Analibe posungira zinthu, munkawalumikiza ku wailesi ya kaseti, ndipo pulogalamu inkasungidwa pa kaseti wamba ngati ya nyimbo. Kuti gemu ilowe m'kompyuta munkaliza kasetiyo kwa mphindi zingapo, ikutulutsa kaphokoso kolira ngati nkhululu. Spectrum yaikuluyo inkasunga 48KB basi, kutanthauza malembo pafupifupi 49,000. Chithunzi chimodzi chojambula pafoni ya lero sichingakwanemo.

Chachikulu n'chakuti mukayatsa kompyuta yotere simunkapeza gemu kapena kanema. Munkapeza malo opanda kanthu akudikira kuti muwalamule m'chinenero cha makompyuta chotchedwa BASIC. Mwana ankayamba ndi mizere iwiri: woyamba wouza kompyuta kuti ilembe dzina lake, wachiwiri woiuza kuti ibwerere ku mzere woyamba. Dzina lija linkadzaza sikirini yonse osaleka, ndipo mwanayo ankazindikira kuti makinawa amamvera iye. Magazini a nthawiyo ankasindikiza mapulogalamu athunthu a magemu, ana n'kumawakopera mzere ndi mzere kwa maola ambiri. Ukaphonya chilembo chimodzi gemu inkakana, ndiye unkayenera kufufuza pomwe palakwika. Pofufuzapo ndi pomwe ankaphunzira mmene pulogalamu imayendera, kenako n'kuyamba kusintha liwiro, mitundu ndi malamulo a gemuyo.

Ena mwa ana amenewa anapita patali. Mu 1983, mnyamata wa zaka 17 wa ku England, Matthew Smith, analemba Manic Miner, gemu ya munthu wa mumgodi yemwe ayenera kudutsa mapanga 20 akutola zinthu mpweya usanamuthere. Inagulidwa kwambiri. Ku South Africa, Elon Musk ali ndi zaka 12 analemba gemu yotchedwa Blastar, ndipo magazini ina ya kumeneko inaisindikiza mu 1984 n'kumulipira madola pafupifupi 500.

Zomwe zinkachitika kwathu

Dziko lomwelo la South Africa ndi lomwe amuna a ku Mzimba ankalidziwa bwino, koma mbali ina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kumeneko kudzera ku Wenela. Ndege yonyamula ogwira ntchito itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu April 1974 n'kupha Amalawi 74, Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 kudzera ku TEBA, pa chiwerengero chochepa, mpaka 1988. Choncho pamene mnyamata wa ku England ankajambula mgodi wa pakanema, agogo ndi amalume athu anali pansi pa mgodi weniweni. Pobwera ankanyamula njinga, mabulangete, makina osokera, majekete ndi mawailesi a kaseti.

Kompyuta sakanainyamula, ngakhale ndalama zikanalola. Pa zinthu zitatu zomwe inkafuna, ife tinali ndi chimodzi, wailesi ya kaseti. Magetsi m'midzi munalibe. Wailesi yakanema ya dziko lino, TVM, inatsegulidwa pa 1 April 1999, ndipo isanafike nthawiyo makanema ankapezeka m'nyumba zowerengeka za m'tauni zoonerera mavidiyo. Nyengo yonse ya kompyuta yodikira kulamulidwa, kuyambira 1977 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, inatha ife tisanaione.

Zomwe zinatifika ndi zapambuyo pake. Ulamuliro wa tsankho utatha ku South Africa mu 1994, njira ya ku Joni inatseguka kwa aliyense wokhala ndi pasipoti ndi ndalama ya basi, ndipo katundu anayamba kubwera pa magalimoto a matransipota. Gemu yoyamba yomwe ine ndinagwira inatuluka m'chikwama cha amalume ndili ku pulayimale. Kanali kachipangizo ka pulasitiki koyendera mabatire awiri, komwe tinkangokatchula kuti gemu ya njerwa. Pachikuto panalembedwa kuti muli magemu 9999, koma ambiri anali amodzimodzi osinthidwa pang'ono. Njerwa zogwa zija n'zotengera Tetris, yomwe Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow mu 1984. Mudzi wonse wa ana tinkaima pamzere, ndipo mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atipatseko mphindi zina.

Kenako m'nyumba zina za pa boma ndi za pamisika yokhala ndi magetsi munalowa timabokosi tolumikiza ku kanema, totengera Famicom ya kampani ya Nintendo ya mu 1983. Ku South Africa totchuka tinali ta dzina loti Golden China. Ndi momwe Super Mario, wa mu 1985, anafikira kwathu atachedwa zaka zoposa khumi. Mafoni atafala, aliyense wobwereka Nokia 3310 ankathamangira ku gemu ya njoka ija, Snake, yomwe kampani ya Nokia inayamba kuika m'mafoni ake mu 1997.

Zonsezi zinali ndi khalidwe limodzi: zinabwera zotsekedwa. Panalibe kiyibodi, panalibe polemba lamulo, panalibe njira yoonera zomwe zili m'kati. Mwana wa ku Liverpool wa mu 1982 anapatsidwa gemu pamodzi ndi zipangizo zopangira ina. Mwana wa ku Embangweni wa mu 1999 anapatsidwa gemu yokha. PlayStation ndi foni za lero zapitiriza mwambo womwewo.

Luso linalipo, ndipo lilipo

Wina asanene kuti ana athu alibe mutu wa zinthu zotere. Ife tomwe tinkaima pamzere wa gemu ya njerwa tinkapanga magalimoto a mawaya okhota ndi chiwongolero, ena oyaka nyale za tochi yakutha. Tinkamanga mpira wa majumbo wodunda bwino. Agogo osewera bawo amawerengera m'mutu komwe nkhomo zikathere asanazigwire n'komwe, ndipo kuganiza kwa ndondomeko kotere ndi komwe wolemba pulogalamu amafuna. Ku Kasungu, boma loyandikana nafe, William Kamkwamba wa ku Wimbe anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, potsatira zithunzi za m'buku la mulaibulale ndi zitsulo zotola kudzala. Chomwe anapeza iye, chomwe ambiri sachipeza, ndi buku loonetsa m'kati mwa chinthu.

Umphawi pawokha sutseka njirayi. Dziko la Yugoslavia linali ndi malamulo okhwima oletsa munthu kulowetsa katundu wodula wochokera kunja, moti makompyuta a ku Britain ndi ku America anali ovuta kuwapeza. Mu 1983 mnyamata wina wa luso, Voja Antonić, anakonza kompyuta yotchedwa Galaksija yoti munthu alumikize yekha kunyumba, ndipo magazini ina inasindikiza ndondomeko yonse ya kapangidwe kake. Anthu pafupifupi 8,000 anaitanitsa zipangizo. Muulutsi wa pawailesi ku Belgrade, Zoran Modli, ankaulutsa kaphokoso ka mapulogalamu kaja pa pulogalamu yake ya Ventilator 202, omvera n'kumajambula pa kaseti n'kulowetsa m'makompyuta awo. Nyuzipepala ndi wailesi, zinthu zomwe ifenso tili nazo, zinagwira ntchito ya sukulu.

Ku Britain boma linalowererapo. Kuyambira 1981 linkalipira theka la mtengo wa kompyuta ya sukulu za sekondale, ndipo wailesi ya BBC inayambitsa maphunziro a makompyuta pakanema, pogwiritsa ntchito makina otchedwa BBC Micro opangidwa ndi kampani ya Acorn ya ku Cambridge. Akatswiri a kampani yomweyo, Sophie Wilson ndi Steve Furber, anakonza mu 1985 kachipangizo koyendetsa kompyuta kotchedwa ARM. Zidzukulu za kachipangizo kameneka ndi zomwe zikuyendetsa pafupifupi foni iliyonse yamakono, kuphatikizapo yomwe kholo likulanda mwana ku Edingeni. Patapita zaka, aphunzitsi a pa yunivesite ya Cambridge anaona kuti achinyamata ofuna kuphunzira za makompyuta akubwera ndi luso lochepa kuposa a m'ma 1990, chifukwa anakula ndi makina otsekedwa. N'chifukwa chake Eben Upton ndi anzake anatulutsa Raspberry Pi mu 2012, kakompyuta kokwana m'chikhatho ka madola 35, kopangidwira kuti ana azikaseweretsa. Vuto lomwe ife tili nalo iwonso analiona kwawo, ndipo yankho lawo linali kubwezera ana makina otseguka.

M'sukulu zathu lero

Phunziro la Computer Studies lilipo pa mayeso a MSCE, koma sukulu zambiri zoyendera za kumudzi sizilowetsa ana chifukwa chosowa zipangizo ndi magetsi. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zomwe zinkawunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho n'chotsika kwambiri. Koma si magetsi okha. Ndaonapo sukulu zomwe zinalandira makompyuta a mphatso n'kuwatsekera m'chipinda, atafundikidwa nsalu, kiyi ali m'thumba la munthu mmodzi, poopa kuti ana awononga. Ndamvapo aphunzitsi anzanga akunyoza makompyuta otere kuti ndi akale. Kompyuta yokhala ndi 2GB, yomwe lero timaiona yofooka, imaposa Spectrum ija maulendo oposa 40,000 pa kasungidwe ka zinthu. Ngati 48KB inakwanira kuphunzitsa mbadwo wonse, ife tikudikira chiyani?

Pasukulu pathu tili ndi laputopu imodzi yakale, yomwe timatchaja pa sola ya kuofesi. Ndinaikamo Scratch, pulogalamu yaulere yomwe MIT inatulutsa mu 2007 yophunzitsira ana kulemba mapulogalamu, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Lachitatu masana, nthawi ya makalabu, ana a Fomu 1 mpaka 3 amabwera kudzapanga Pong yawoyawo. Lamulo ndi limodzi: gulu lililonse liyambe lalemba m'kope ndondomeko yonse ya zomwe mpira uchite, kenako lipatsidwe mphindi zake pa laputopu. Motero makina amodzi amakwanira ana ambiri, chifukwa ntchito yaikulu imachitika pa pepala.

Kuti mpira uyende, mwana ayenera kudziwa malo ake pa mzere wa x ndi wa y. Kuti ubwerere ukagunda khoma, liwiro lake lisinthe kuchoka pa 5 kupita pa -5. Manambala otsika pansi pa ziro, omwe ndimavutika nawo pa bolodi chaka ndi chaka, apa ana amawafuna okha. Tsiku lina mpira wa gulu lina unkangobowola khoma n'kusowa. Mtsikana wa Fomu 2, yemwe m'kalasi sakweza mkono, ndi amene anaona chifukwa chake. Anzake anauza kompyuta kuti ibweze mpira ukafika pa 200 ndendende, pomwe mpirawo unkadumpha masitepe a 7 kuchokera pa ziro, kuchoka pa 196 kufika pa 203 osaponda pa 200. Anasintha lamulo kuti likhale "kuposa 200", mpira n'kuyamba kubwerera. Mutu wa kuposa ndi kuchepera tinali tisanaufike m'kalasi mwawo, koma iye anaumvetsa tsiku lomwelo chifukwa unali ndi ntchito.

Sindikunena kuti mwana aliyense adzakhala katswiri wa makompyuta, kapena kuti nkhawa za makolo n'zachabe. Mwana wothawa m'kalasi kukasewera mpira wa pakanema akutaya nthawi yomwe sidzabwerera. Palinso juga ya pafoni, yobetcha pa mpira, yomwe imavala nkhope ya gemu koma imadya ndalama za mabanja, ndipo imeneyo tiikane poyera. Tinyumba ta magemu pamisika timadzazanso anyamata okhaokha, atsikana ali kumjigo ndi kunkhuni, choncho sukulu ikapanda kutsegula khomo atsikana sadzawagwira n'komwe makinawa. Boma nalo lavomereza kuti kusewera kumaphunzitsa, pakuti matabuleti oyendera sola omwe layamba kugawa m'sukulu za pulayimale kuyambira 2023, pa ndondomeko ya BEFIT, amaphunzitsa kuwerenga ndi masamu kudzera m'timasewero. Chotsala n'chakuti mwana akafika ku sekondale apatsidwe mpata wopanga zake.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwa ife a ku Mzimba chifukwa tonse tikudziwa komwe anyamata athu amalowera. Chaka chilichonse mayina amasowa m'kaundula wa kalasi, ukafunsa amati anakwera wa ku Joni. Ambiri amakagwira ntchito za m'minda ya maluwa, m'mashopu ndi m'nyumba za anthu, ena opanda zikalata mpaka kukathera ku Lindela kudikira kubwezedwa. Sindingawaletse kupita, pakuti nyumba zambiri za malata kuno zinamangidwa ndi ndalama za kumeneko. Koma wopita atadziwa kulamula kompyuta amapita ndi china m'manja, ndipo wotsala angathe kugwira ntchito yotere ali pa Jenda pomwepa.

Pempho langa likupita kwa anthu anayi. Aphunzitsi aakulu, tsegulani zipinda zija. Kompyuta yowonongeka m'manja mwa ophunzira yagwirako ntchito, pomwe yofundikidwa nsalu idzafa ndi fumbi ndi chiswe osaphunzitsa aliyense. Makolo, mwana akakonda gemu mufunseni kuti imayenda bwanji, ndani anaipanga, iye angasinthe chiyani, ndipo muikireni nthawi yosewera m'malo mongolanda. Abale athu a ku Joni, mukamalongedza katundu wa Disembala, pambali pa zokuzira mawu ndi mafoni ikanimo laputopu yakale, ngakhale yomwe abwana anu akufuna kutaya, mupatse sukulu ya kwanu. Ndipo a nyuzipepala ndi mawailesi a m'madera, kuphatikizapo Mzimba Community Radio, ganizirani zopatula kadanga sabata iliyonse kofotokozera pulogalamu yaifupi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, yoti mwana akopere m'kope n'kukaiyesa Lolemba kusukulu. M'mera mpoyamba, ndipo mizere iwiri ija yolemba dzina la mwana pa sikirini ndi yokwanira poyambira.